M'mawa pa doko la Kachulu

Tisanayambe ntchito, tiyeni tifike kaye pa Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa.

Nthawi ya m'mawa ngati ino mabwato ali ndandanda m'mbali mwa njedza, mphepo isanadzuke. Kuno nangula alibe ntchito kwenikweni. Nyanjayi ndi yosaya, moti msodzi amangozika nsungwi m'matope, n'kumangirira bwato lake pomwepo. Nsungwi yomweyo ndiyo amakankhira bwato popita ku chilumba cha Chisi, chomwe mapiri ake akuonekera patsogolopo. Asodzi ena sanagone n'komwe kumtunda. Ali m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa njedza, ndipo matemba a dzulo akuyanikidwa kale.

Kukongola kumeneku n'kobwereka. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, amangodalira zimene Domasi, Likangala ndi mitsinje ina yamubweretsera. Mu 1968 ndi mu 1995 nyanjayi inaphwa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi, mabwato ali gone pa dothi long'ambika.

Inu olima m'mphepete mwa Likangala, siyaniko mitengo m'mbali mwa mtsinjewo. Dothi lokokoloka kumunda kwanu limakathera pa Kachulu.