Kodi nzeru za geni n'zogawana?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi funso lomwe landisowetsa tulo. Ine ndimagulitsa matemba mumsika waukulu wa Zomba. Gulu lathu la amalonda ang'onoang'ono likufuna mamembala oti aziphunzitsa anzawo kulemba zolowa ndi zotuluka, kuika mtengo, ndi kusiyanitsa mpamba ndi phindu. Malipiro palibe, ya thiransipoti yokha basi. Dzina langa latchulidwa nawo.

Mwina mukuti vuto lili pati, paja kupatsa n'kuika. Dikirani kaye. Mphunzitsi wa kusukulu akaphunzitsa mwana masamu, malipiro ake sachepa. Koma ine woti ndikamuphunzitseyo ndi mayi wa benchi yoyandikana ndi yanga, wogulitsa matemba omwewa a ku Kachulu. Kasitomala akaima pakati pathu amagula mulu umodzi, kwa iye kapena kwa ine. Ndimunolere mpeni ndekha?

Komanso nzeruzi sindidabadwe nazo. Mu 2018 nyanja ya Chilwa itaphwa, matemba adasowa ndipo mpamba wanga udathera mumphika. Adanditola ndi agogo ena ogulitsa masitiroberi mumsewu wokwera ku Ku Chawe. Adati, "Mwana wanga, chitenje chili ndi nsonga ziwiri. Kwina manga mpamba, kwina phindu. Mfundo ya mpamba usamasule ngakhale mwana alilire chitumbuwa." Fomu 4 ndidamaliza ine, koma zimenezi sindidazimve m'kalasi.

Ndiye ndili ndi ngongole, eti? Chondivuta n'chakuti agogowo sadataye kanthu. Masitiroberi ndi matemba salimbirana kasitomala. Ngongole ndidatenga kwa munthu amene sizidamupweteke, koma kubweza kwake kukufuna kuti ineyo zindipweteke. Ngakhale bungwe la NABW, lomwe mayi Joyce Banda, mwana wa konkuno ku Zomba, adayambitsa mu 1990, lidadalira kuti amayi a geni azikwezana. Pamsonkhano mawuwa amakoma, pabenchi amalemera.

Ndaonanso china. Mnzanga wosadziwa kuwerengera amandipweteka kale. Amaiwala ya minibasi ndi chiphaso cha msika, n'kugulitsa motchipa osadziwa kuti akudya mpamba. Mtengo umagwa kwa tonse, iye n'kuthera kwa a katapila. Choncho kumuphunzitsa n'kudziteteza ndekha. Koma ndikavomera pa chifukwa chimenechi, mungatinso ndine wachifundo, kapena ndangochenjera?

Ndavomera, ndiyamba Lachitatu masana msika ukazizira. Za kope ndi cholembera ndidzawauza zonse osabisa. Koma dzina la msodzi amene amandisungira matemba abwino ku Kachulu, ndi nthawi imene ndimafika padoko, zimenezo ayi, zikhala m'thumba mwanga. Amuna anga akuti kumeneko n'kuphunzitsa ndi dzanja limodzi kumbuyo. Inu mukadakhala pabenchi yangayi, msodziyo mukadamutchula?