MCERE WA ELISA NDI MADZI A M'MIZINDA

Buku la Mafumu lisimba kuti anthu a ku Yeriko anadza kwa mneneri Elisa, nadandaula kuti mzinda wao unali pa malo okoma, koma madzi ace anali oipa ndipo nthaka siinali kubala. Mneneriyo anaitanitsa mcere m'mbale yatsopano. Sanauthire pa dooko potungira, ai. Anapita ku kasupe kumene madziwo anali kutumphuka, nauponya komweko, ndipo Mulungu anaciritsa madzi aja.

Dandaulo la Yeriko limvekanso m'dziko lino. Mtsinje wa Mudi upita pakati pa Blantyre utasenza zonyansa za m'mafakitale ndi za m'mipope yophulika, ndipo damu la Chiwembe ku Limbe ladziwika ndi namasupuni, amene akondwera ndi madzi a litsiro. Mkristu wa ku Chonde asayese kuti mlanduwu ndi wa a m'tauni okha. Thuchila atsika m'phiri la Mulanje ali woyera, koma asanafike ku Ruo alandira zinyalala za m'misika ndi ubve wa m'midzi yosowa zimbudzi. Kolera amene anabuka m'Malawi mu March 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo namondwe Freddy, mu March 2023, anagwetsa zimbudzi nakwirira zitsime m'boma la Mulanje.

Koma Mlengi sanasiye madzi opanda anchito owatsuka. Mu 1676 Antonie van Leeuwenhoek, wa ku Delft m'dziko la Holland, anaona ndi galasi lace tizirombo tosaoneka ndi maso tiri kuyenda m'dontho la madzi. Tina mwa ito tidzetsa nthenda, koma tambiri ndi abwenzi a munthu: ndito tisasitsa thobwa ndi cambiko, titupitsa mkate, ndi kuoletsa mapesi kuti asanduke manyowa. M'mtsinje tidya zonyansa ndi kuzisandutsa mpweya, madzi ndi thope. Pa nchito imeneyi tifuna mpweya wa okosijeni wosungunuka m'madzimo. Litsiro likacuruka, mpweyawo utha, nsomba zifa, ndipo madzi ada nanunkha ngati dzira lobvunda.

Mu 1914 Edward Ardern ndi William Lockett, ku Manchester, anaonetsa kuti munthu akauzira mpweya m'madzi a m'zimbudzi, nabwezeramo thope lokhala ndi tiziromboto, madziwo ayera msanga. Ndipo njira imeneyi igwira nchito m'mizinda yambiri ya pa dziko lapansi. M'zaka za m'ma 1980 mphunzitsi Teruo Higa, wa ku Okinawa m'Japan, anasanganiza yisiti, tizirombo tosasitsa mkaka ndi tina tokonda dzuwa, nacha cisanganizoco EM. Anthu acikanda ndi dothi ndi madeya a mpunga, naumba mipira yonga nkhonya, naiponya m'madzi oipa. Anatero makamu a anthu ku Penang m'Malaysia mu 2009, ndi ku ngalande ya Ala Wai ku Honolulu kuyambira 2019. Koma mu 2010 Miquel Lürling ndi anzace a ku Wageningen, atayesa mipirayo, anapeza kuti siinaletse ndere zoipa zija zobiriwitsa nyanja. Cifukwa cace sicibvuta kumva: nyanja yonyansa iri kale ndi tizirombo tosawerengeka. Cimene isowa ndico mpweya, ndi kuti mpope wothiramo ubve utsekedwe.

Ambuye Yezu anafanizira Ufumu wa Kumwamba ndi cotupitsa cimene mkazi anacibisa mu ufa, mpaka wonse unatupa. M'fanizoli mkristu aphunzira kusanyoza zazing'ono, pakuti Mulungu akonda kugwira nchito zace zazikuru ndi anchito obisika. Koma aphunziranso kwa Elisa kuti mankhwala aikidwa ku gwero. Amene aponya mipira m'damu, pamene cimbudzi cace cikhuthulira m'damu momwemo, afanana ndi munthu amene apita kukalapa Loweruka, koma osafuna kusiyana ndi nyumba imene imamcimwitsa. Cisomo ca Sakramenti ndi coona, monganso mphamvu ya tiziromboto ndi yoona. Koma Mulungu sacita cipongwe ndi mphatso zace, ndipo sakakamiza mtima umene wasiya khomo la macimo lotsekula.

Lamulo lacisanu liletsa kupha, ndipo sililetsa mpeni ndi mpaliro zokha. Madzi apita kunsi, ndipo wa kunsi ndiye mnansi. Mai amene acapa matewera a mwana wotsekula m'mimba kumtunda kwa dooko, wamalonda amene akankhira zoola za pa msika m'ngalande, mwini fakitale amene atsekula mpope wace usiku, mkuru wa mzinda amene adya ndalama zokonzera malo otsukira madzi, onsewa adzayankha za mwana amene sanamuonepo nkhope. Papa Francis, m'kalata yace Laudato si' ya mu 2015, anaphunzitsa kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense, ndipo amene ayamba kulangika posowa madziwo ndi amphawi.

Tsono banja lacikristu likumbe cimbudzi kutali ndi citsime, mamita 30 kapena kuposa, ndi kunsi kwace. Zoola za pa khomo ndi za pa msika zipite ku dzenje la manyowa, kumene tizirombo tidzazisandutsa cakudya ca munda. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, makamaka m'dzinja. Mitengo ndi bango za m'mbali mwa mtsinje zisadulidwe, pakuti zigwira litsiro lisanalowe m'madzi. Ndipo akuru a Eklezia ndi a mudzi asaope kufunsa a khonsolo za ngalande ndi zinyalala za pa msika.

Mulungu amene anasankha madzi kuti akhale cizindikiro ca Ubatizo, apatse anthu ace mtima wowalemekeza, kuti ana a ku Chonde ndi a kunsi kwa Ruo amwe osaopa. Amen.