Anthu Ochuka ndi Khamu Lowatsata

Abale anga okonzekera Ubatizo, phunziro la lero litenga maganizo athu kunka nao kutali, kutsidya kwa nyanja yamcere, ku dziko la Amereka. Musadabwe poona kuti m'buku la katekisimu mwalowa nkhani ya anthu ocita masewero a pa kanema, pakuti funso limene liri m'kati mwake litikhudza ife tomwe: kodi munthu amene khamu lalikulu limkonda ali ndi mangawa anji kwa munthu mmodzi wa m'khamumo?

Kanema muidziwa, popeza ngakhale m'midzi yathu ino acinyamata amaonera pa foni, ena m'kanyumba ka pa msika. Mudziwanso kuti amene muwaona m'menemo acita sewero cabe: munthu abvala zobvala za mfumu osakhala mfumu, afa lero, mawa ali moyo m'sewero lina. Tsono ku Amereka ndi ku maiko ena kuli mwambo wakuti anthu okonda masewerowa asonkhana masiku atatu kapena anai m'nyumba zazikulu, kuti akaone ndi maso ao eni ake a nkhope zija. Msonkhano wochuka koposa ndi wa mu mzinda wa San Diego, umene unayamba m'caka ca 1970 ndi anthu ngati 300, ndipo m'zaka zina za posacedwapa wasonkhanitsa anthu opitirira 130,000. Sewero lina lochedwa Star Trek, nthano ya anthu oyenda m'combo pakati pa nyenyezi, linayamba kuonetsedwa mu 1966 ndi kuleka mu 1969. Koma amene analikonda sanaleke kulikonda, ndipo mu 1972 anasonkhana ku New York anthu ngati 3,000.

Pa misonkhano yotere wocita sewero akhala pa tebulo, anthu naima pa mzere, ena kufikira miyendo itatupa. Munthu akafika alipira ndalama, wochukayo alemba dzina lake pa cithunzi, kapena ajambulidwa naye pamodzi, ndipo oyang'anira mzere amuuza kuti apite, wina afike. Kawirikawiri zonsezi zitha munthu asanamalize kupemphera Tikuoneni Maria mmodzi.

Ena mwa inu adzati chimo laoneka kale, pakuti munthu wagulitsa dzina lake. Ine sinditero ai. Ambiri mwa iwo ndi okalamba, masewero anawathera kale, ndipo kukhala pa tebulo tsiku lathunthu ndi kupatsa moni anthu mazana ndi nchito yotopetsa, yoyenera malipiro monga nchito zina. Koma taonani cimene ndalama igula: dzina lolembedwa pa pepala, basi. Munthu amene anasunga ndalama miyezi yambiri nayenda ulendo wautali, cimene wadzera cipambana pepala. Iye afuna kuti uja amene nkhope yake inamtonthoza pa nthawi ya matenda kapena ya maliro amuyang'ane m'maso kamodzi kokha, ndi kuzindikira kuti patsogolo pake paima munthu. Ici sicilembedwa pa mtengo, ndipo wochukayo angathe kucipereka kapena kucimana popanda wina womuimba mlandu.

Imvani za Alec Guinness, Mngerezi, mmodzi wa akatswiri a masewero m'zaka zapitazo, amene anamwalira mu 2000. Iyeyu anali kusewera ngati wansembe m'kanema yochedwa Father Brown, imene inatuluka mu 1954, ndipo mbali ina anaijambulira ku mudzi wina wa ku France. Tsiku lina madzulo, alikubwerera kumene anali kugona, mkanjo wa unsembe uli m'thupi, kamnyamata ka m'mudzimo kanamthamangira, kanamgwira dzanja, ndi kuyenda naye kakulankhula kosaleka, kakumuchula kuti bambo. Guinness anakhala cete, poopa kuti Cifalansa cake cosauka cingamuulule. Kamwanako katatsazika, iye anatsala akulingalira kuti Eklezia amene ansembe ake akhulupirika cotere pamaso pa mwana sangakhale woipa monga anali kumganizira kale. Mu 1956 analandiridwa mu Eklezia Katolika. Onani tsono, inu amene mulikuyenda njira yomweyo: mwana anakonda mkanjo, osadziwa munthu wa m'kati mwake, koma cikondi cosokeraco Mulungu anagwira naco nchito.

Patapita zaka, mu 1977, Guinness yemweyo anasewera m'kanema ya Star Wars ngati nkhalamba yanzeru, ndipo mbiri yake inafika pa dziko lonse. Iye sanakondwere nayo mbiriyo, pakuti anaiyesa nthanoyo yacibwana. Analemba yekha kuti ku San Francisco anakomana ndi mnyamata wa zaka ngati 12, amene anamuuza monyadira kuti waonera kanemayo koposa ka 100. Guinness anampempha kuti alonjeze kusaioneranso. Mnyamatayo anagwetsa misozi, ndipo mai wake anamdzudzula mkuluyo namcotsa mwana wake pamenepo. Guinness polemba anabvomera kuti kapena maiyo sanalakwe.

Kodi tiweruze bwanji? Musafulumire, pakuti mantha a Guinness anali ndi maziko. Lamulo loyamba la Mulungu litiletsa kupereka mtima wathu wonse kwa cinthu colengedwa, ndipo mwana amene akhala m'nthano usana ndi usiku ali pafupi ndi ngozi imeneyi. Munthu amene aona kuti alikusandutsidwa fano ayenera ndithu kukana. M'buku la Nchito za Apostoli tiwerenga kuti Paulo ndi Barnaba ali ku Listra, Paulo ataciritsa munthu wopunduka, anthu a kumeneko anawayesa milungu yao, Zeusi ndi Hermesi, ndipo wansembe wa Zeusi anadza ndi ng'ombe zamphongo kuti apereke nsembe. Apostoliwo anang'amba zobvala zao. Koma penyetsetsani cimene anacita pambuyo pake: anathamangira m'kati mwa khamulo, nadziyesa anthu anzao a omwe anali kuwagwadira, ndi kuwasonyeza Mulungu wamoyo amene awapatsa mvula ndi zokolola. Pocotsa fano m'manja mwa anthu anaikamo cinthu cina coposa. Apa ndi pamene Guinness anapelewera, monga ndiona ine. Anamlanda mwanayo cimene anakonda ndi kumsiya manja ali zii. Iye amene kale anakhala cete kuti angakhumudwitse kamwana ka ku France, tsiku limenelo analankhula monga munthu wotopa ndi mbiri yake, ndipo kutopako kunagwera mwana wosalakwa.

Tsopano imvani za wina, James Doohan, wobadwira ku Canada, amene anali msilikali pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, nalasidwa ndi zipolopolo pa 6 Juni 1944 ku Normandy, nataya cala cimodzi ca dzanja lamanja. Mu Star Trek muja anali kusewera ngati Scotty, wokonza makina a combo, ndipo m'zaka zotsatira anayenda misonkhano yambirimbiri. M'kanema ya mu 1997 yochedwa Trekkies anasimba kuti tsiku lina analandira kalata yocokera kwa mkazi wina wokonda sewero lija, ndipo m'kalatamo zinaoneka kuti mkaziyo afuna kudzipha. Doohan anamuimbira foni, namuuza kuti adzakhala pa msonkhano ku Indianapolis, ndipo afuna kudzamuona kumeneko. Mkaziyo anabwera. Doohan ataona m'mene analiri anamuuza za msonkhano wotsatira, kuti kumenekonso afuna kumuona. Ndipo anatero kwa zaka ziwiri kapena zitatu, maulendo ngati 18. Kenaka mkaziyo analeka kumveka. Zinapita zaka 8 popanda mau, kufikira tsiku limene kalata ina inafika yothokoza, yonena kuti wamaliza maphunziro apamwamba a uinjiniya wa zamagetsi. Doohan anaciyesa ici cinthu cabwino koposa zonse zimene anacita m'moyo wake. Anamwalira mu 2005.

Sindikuuzani kuti Doohan anali mlaliki, kapena kuti mau okoma okha aciza munthu wofuna kudzipha. Mukaona mnzanu wotere, musamsiye yekha, uzani abale ake, mupite naye ku cipatala, mudziwitsenso wansembe. Cimene ndifuna kuti muone ndi ici: mkazi uja anakonda Scotty, munthu wa m'nthano amene kulibe, ndipo Doohan anadziwa bwino lomwe kuti cikondico si cake. Sanacidye ngati cake, ndiponso sanacitaye. Anacigwira monga mugwira cingwe pamene mnzanu wagwa m'citsime, ndi kukoka pang'onopang'ono, milungu iwiri iwiri, kufikira munthu atatulukira kumtunda.

Ambuye athu Yezu Kristu anadziwa khamu kuposa onsewa. Mariko Woyera asimba kuti pamene anali kupita kwa Yairo, mkulu wa sunagoge, amene mwana wake anali pafupi kufa, anthu anamkanikiza mbali zonse. Mkazi wina amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12 anadza kumbuyo, nakhudza cobvala cake, nacira. Zikanatha pomwepo, pakuti cimene anadzera anacilandira, ndipo Ambuye anali pa ulendo wofulumira. Koma Iwo anaima, nafunsa amene wawakhudza, kotero kuti ophunzira anadabwa ndi funso lotere pakati pa anthu ocuruka cotero. Anaunguza kufikira mkaziyo atadza yekha akunjenjemera, namvetsera nkhani yake yonse, namuchula mwana wao. Kodi cifukwa ninji? Cifukwa mkaziyo anafika kwa cobvala, ndipo Ambuye sanafune kuti abwerere kwao atadziwa cobvala cokha.

Komabe tisasenzetse wochuka katundu yense, ngakhale akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ambuye omwewo anali kucoka pakati pa anthu kunka ku malo a okha kukapemphera, ndipo anatenga ophunzira ao kuti akapumule. Wocita sewero naye ndi thupi ndi magazi. Amva njala, adwala, ali ndi maliro ake amene a pa mzere sawadziwa. Munthu amene amgwira mwamphamvu, kapena amtsata kufikira kunyumba kwake, kapena amtukwana cifukwa sanamseke, wayamba kumuyesa ciwiya cake. Ndipo cikondi cotere sicicedwa kusanduka udani. Khamu lomwe lija la ku Listra, atalinyenga anthu ocokera kwina, linamponya Paulo miyala ndi kumkokera kunja kwa mzinda, likuyesa kuti wafa. M'masiku athu, mu 1989 ku Los Angeles, mtsikana wocita masewero, Rebecca Schaeffer, wa zaka 21, anaphedwa ndi mfuti pa khomo la nyumba yake ndi mwamuna amene anadziyesa womkonda koposa onse.

Kapena mudzati: ife ndife alimi, sitidzakhala pa tebulo lotere. Koma mkanjo suli ku kanema kokha. Pa Lacisanu Loyera, pamene acinyamata acita sewero la masautso a Ambuye, mwaona momwe agogo aliriradi misozi poona mnyamata wa m'mudzi mwao atasenza mtanda, ngakhale adziwa mai wake ndi bambo wake. Mawa ena mwa inu mudzatsogolera mapemphero pamene wansembe palibe, ena mudzakhala aphunzitsi, anamwino, ankhoswe, mafumu, ndipo anthu adzaima pa khomo panu cifukwa ca udindo umene mwabvala.

Ine ndemwe ndinagwa pamenepa, ndipo ndiulula kuti mucenjere. Tsiku lina titatha phunziro, anthu anandizinga monga mwa masiku onse, wina za kalata ya ukwati, wina za dzina la Ubatizo. Pambuyo pa onse panaima mkulu wina wa imvi, wocokera ku mudzi wa kuseri kwa phiri, cipewa ciri m'manja. Anandifunsa ngati mkazi wake, amene anamwalira asanabatizidwe, Mulungu angamlandire. Yankho ndinalidziwa, ndipo ndinayankha zoona, kuti cifundo ca Mulungu sicimangidwa ndi malire amene ife tiwaona. Koma ndinayankha ndikumanga mabuku pa njinga, maso ali pa cingwe, pakuti dzuwa linali kulowa. Iye anathokoza mwaulemu, nabvala cipewa cake. Lamulungu lotsatira malo ake pa benci anali opanda munthu, ndi linzake lomwe cimodzimodzi. Patapita mwezi ndinakwera phiri lija kukamfuna, ndipo ndinampeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Anandiyalira mphasa, ndipo tisanayambe nkhani iri yonse anandiuza dzina la mkazi wake, limene tsiku lija sindinamfunse.