Kodi Mkristu Aphunzire Bao?

Abale, funso ili latifika kucokera ku midzi ya kwa Mwase ku Kasungu, kumene anyamata, atapacika fodya m'cigafa, akhala patsinde pa mtengo kuphunzira bao kwa akulu.

Masewera awa anadza ndi Aswahili amalonda, amene njira yao inapyola pa Nkhotakota. M'cinenero cao dzinalo ndilo thabwa. Pali maenje 32 m'mizere inai, ndi nkhomo 64 zogawana anthu awiri. Wophunzira akaona nkhomo zambiri za mnzace athamangira kuzidya, osawerenga kumene dzanja lace lidzathera. Pomwepo mkulu amdyera zace, mzere wace wa patsogolo nukhala wopanda kanthu, masewera natha. Ndiponso nkhomo zotoledwa m'dzenje sizibwezedwa. Cotero mnyamata aphunzira kuwerenga asanatole, ndi kugonja wopanda mkwiyo. Izi sitizitsutsa iai; anthu otere tiwafuna ngakhale mu Eklesia.

Koma coopsa ciripo. Alipo amuna odziwa kuwerenga maenje khumi patsogolo, koma osaona kuti dzuwa lapendeka, nazale ya fodya sinathiriridwe, ndi ana alibe ndiwo. Ena aikapo ndalama, ndipo thukuta la mkazi la caka conse lidyedwa madzulo amodzi.

Cifukwa cace titi: phunzirani bao, koma nchito itatha, osaikapo ndalama, ndipo osati pa tsiku la Mulungu. Pakuti iye wakukhalira bao m'mamawa wadyedwa kale asanatole nkhomo.