Walira Mvula Walira Matope

Ndimakhala ku Imizamo Yethu, pamtsetse wa phiri ku Hout Bay, ndipo monga Amalawi ambiri kuno, ndimagwira ntchito ya m'gadeni. Tsiku lina ndikusadza mpanda wa maluwa ndi makina, ndinadula bilimankhwe pakati. Ndili chiimire, ndinaona kamwana kake panthambi ina, kosaposa theka la chala changa chaching'ono. Abilimankhwe aang'ono a ku Cape Town, omwe akatswiri amawatcha Bradypodion pumilum, saikira mazira. Amabereka ana amoyo. Ndinakaika kamwanako m'kabokosi kanga ka chakudya n'kupita nako kunyumba.

Mkazi wanga atakaona anathawira panja. "Abambo, mwatibweretsera tsoka!" Sindinamudabwe. Kwathu tinakula tikumva kuti Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzauka, koma iye anazengereza panjira, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Kuyambira pamenepo anthu sanamukhululukire.

Vuto langa linali chakudya. Kamwana kotere sikangameze chiwala, ndipo sikadya chinthu chosayenda. Choncho ndinayamba ulimi wa tintchentche ta zipatso. Ndinaika nthochi yakupsa kwambiri m'botolo la jamu n'kulisiya pawindo. Titalowa, ndinatseka pakamwa ndi kansalu ndi mphira. Kukatentha, dzira la kantchentche limasanduka mphutsi, kenaka kantchentche kouluka, m'masiku pafupifupi 10 okha. Posakhalitsa ndinali ndi mabotolo atatu. M'mawa uliwonse ndinkagwedezera tingapo m'khola la waya lomwe ndinapanga, n'kumaonerera kalilime kakutuluka ngati mphenzi.

Mwana wanga wamkazi ndiye anandisokoneza. "Adadi, tintchentcheti timadziwa kuti mukutisungira kuti tidyedwe?"

Ndinaseka, koma usiku tulo sitinabwere. Kutchire bilimankhwe akagwira ntchentche palibe mlandu, chifukwa njala siizengedwa. Koma tanga sitinagwidwe mwangozi. Ndinatipatsa chakudya ndi malo ofunda, tinabadwa chifukwa cha ine, ndipo tsiku lake lofa ndinkasankha ndine. Kwa bilimankhwe ndinali mpulumutsi. Kwa tintchentche ndinali buluzi uja.

Ena anganene kuti kantchentche n'kachabe. Komatu m'kachabe momwemu Thomas Hunt Morgan anaonamo mmene makolo amapatsira ana chibadwa chawo, mpaka analandira mphotho ya Nobel mu 1933. Komanso mawu akuti "n'kachabe" ndimawaopa. Moto wa mu Malichi 2017 utapsereza zisakasa zathu kuno n'kusiya anthu zikwizikwi pamtetete, ndinaona kuti zinthu zing'onozing'ono zikachuluka, maso a munthu amaleka kuziwerenga chimodzichimodzi. Sindikunena kuti ntchentche ndi munthu. Ndikunena kuti mtima wanga unakonda chokhala chokha, cha maso ozungulira, n'kusalabadira zochuluka zopanda nkhope. Chifundo changa chinali ndi tsankho.

Ndiye ndinalakwa? Poyamba ndinadziyankha ndi mwambi: walira mvula walira matope. Ngati ndikufuna kamwanako kakhale moyo, ndavomera kuti tina tife. Amayi anga kumudzi amaweta nkhuku, kuziteteza kwa kabawi, tsiku la alendo n'kuzipha, ndipo sindinawaonepo ngati munthu wankhanza. Moyo umadya moyo. Chotsalira kwa munthu n'kusawononga, kusazunza, ndi kusadzinamiza kuti m'manja mwake muli mbee.

Koma yankho limeneli limagwira pokhapokha ngati mvulayo ikufunikadi. Mnzanga wina wa m'gadeni, yemwe anakhalitsa kuno, anandiuza kuti bilimankhwe salera ana. Kamwana kakangobadwa kamadzisakira kokha. Anawonjezera kuti m'chigawo cha Western Cape, kusunga nyama yakutchire ngati imeneyi kumafuna chilolezo cha CapeNature. Ndinachita manyazi. Kanthu kaja sikanali kamasiye. Sikankasowa ine. Ineyo ndiye ndinkakasowa, kuti ndiiwale mayi wake yemwe ndinamudula. Tintchentche tonse tija tinkalipira ngongole yanga.

Apa m'pamene ndafika: kuweta chamoyo kuti chidyetse china si tchimo pakokha, koma munthu ayambe wadzifunsa moona kuti akudyetsa njala ya ndani. Nthawi zina chimene timachitcha chifundo chimakhala mankhwala a chikumbumtima chathu, ogulidwa ndi moyo wa ena.

Lolemba lotsatira ndinabwezera kabilimankhwe kumpanda womwe ndinakatenga. Kanatenga nthawi kuti kasiye chala changa, kakutambasula mwendo n'kubwezanso, monga mwa mtundu wake. Madzulo ndinamasula nsalu pamabotolo atatu aja kuseri kwa nyumba. Masiku ano ndisanayatse makina, ndimayamba ndayenda mumpanda wonse ndi maso, nthambi ndi nthambi. Bwana amati ndimachedwa. Ndimangovomera.