Maliro Atatu pa Mbumba Imodzi

Kuno kwathu ku Magomero, kumene Bishopu Charles Mackenzie anamanga misasa yake m'chaka cha 1861, Mau a Mulungu akhala pakati pathu nthawi yaitali. Komabe zovuta zikagwa kachitatu pa mbumba imodzi, mayi atapita ndi chotupa cha pakhosi, mlongo wake atazunzika ndi timiyala ta mu impso, mwana naye atatsamira mkono mtima ukugunda ngati ng'oma, sitichedwa kuloza chala malume kapena gogo wokalamba, ndipo angakhale akulu a mpingo amanong'ona za temberero la makolo.

Funso lakuti wachimwa ndani nlakale. Ophunzira a Yesu analifunsa ataona munthu wosapenya chibadwire, ndipo Ambuye anakana kuika mlandu pa iye kapena pa omubala. Koma ife, ngakhale timawerenga nkhaniyo m'kachisi, pa siwa timaiiwala.

Madokotala ali ndi yankho lina. Mu 1954 dokotala Paul Wermer wa ku New York anasonyeza kuti zotupa zomera nthawi imodzi m'tiziwalo tingapo totulutsa mahomoni zimatsata mtundu, ndipo mu 1961 John Sipple anafotokoza nthenda yofanana nayo, yogwira chithokomiro pamodzi ndi tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Namwali wina, Minna Roll, anamwalira nayo ku Freiburg mu 1884. Patapita zaka zoposa 120, mu 2007, anaipezanso m'magazi a zidzukulu za abale ake. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndi nthenda yosowa ndithu, pakuti zithokomiro zambiri zimadza ndi kuchepa kwa ayodini m'chakudya. Koma kholo likakhala nayo, mwana aliyense aima pakati ndi pakati, theka kuitenga, theka kupulumuka, kaya akhale wolungama kaya wochimwa.

Chondidetsa nkhawa ine nchakuti ife a chikamwini timawerenga mtundu potsata bere la amayi, bambo nkumuyesa mlendo pamudzi, pamene nthendayi siidziwa mwambo wathu, imalowera kuchimuna monga momwe ilowera kuchikazi. Ndipo ikadziwika msanga, chithokomiro chimachotsedwa khansa isanamere. Choncho inu eni mbumba, mukaperekeza wodwala ku chipatala cha Chiradzulu kapena ku Gulupu ku Blantyre, musadikire kufunsidwa: fotokozerani dokotala amene anadwala ndi amene anatisiya, a kuchikazi ndi a kuchimuna omwe.