Kodi Mwana Amakhwima Liti Kuti Ayambe Sukulu?

Funso la msinkhu woyambira sukulu limatsamira pa funso lina lakale: kodi nzeru mwana amabadwa nazo, kapena amazitola akamakula? John Locke, mu 1690, anaphunzitsa kuti maganizo a khanda ali ngati pepala losalembapo kanthu, ndipo zonse zimadza kudzera m'zimene mwana waona, wamva ndi kukhudza. Jean-Jacques Rousseau, m'buku lake Emile la mu 1762, anadana ndi kufulumira. Iye ankati ubwana uli ndi nyengo yake, ndipo kumupanikiza mwana ndi mabuku n'kumuwononga. Friedrich Froebel anatsegula sukulu ya ana aang'ono ku Bad Blankenburg ku Germany, kumene ana ankaphunzira poimba, posewera ndi timatabwa ndi polima timinda tawo.

Zipembedzo zina zinakhazikika pa zaka 7. Papa Pius X analamula mu 1910 kuti ana a Katolika azilandira Ukalistia woyamba pa msinkhu umenewu, pamene atha kusiyanitsa mkate wamba ndi Thupi la Khristu. Asilamu nawo amayamba kuphunzitsa ana swala ali ndi zaka 7. Chimene amayang'ana apa ndi chikumbumtima, osati kudziwa zilembo.

Ku Malawi muyeso wakale unali wa thupi. Popeza ambiri analibe zikalata zobadwira, mphunzitsi ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu ndi kugwira khutu la mbali inayo. Zala zikapanda kufika, ankabwezedwa kuti adzabwere chaka chamawa. Njirayi inali yachangu, koma inkalakwira mwana wochenjera amene anapinimbira chifukwa chosowa zakudya. Lero msinkhu wolowera Sitandade 1 ndi zaka 6.

Komabe zaka pazokha sizinena zonse. Mwana wokonzeka ndi amene angathe kusiyana ndi mayi ake osalira mmawa wonse, kudikira nthawi yake yoyankha, kumvetsera nthano mpaka kumapeto ndi kupempha kuti apite kuchimbudzi. Zimenezi zimaphuka pa nthawi yake, monga anaonera Rousseau, koma zimafunanso zozisamalira: masanje, phada, macheza ndi agogo, ndi phala la kusukulu ya mkombaphala.

Funso la kukonzekali liyenera kufunsidwanso kwa sukulu. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amalandira ana oposa 100, ndipo kawirikawiri yosakonzeka imakhala sukuluyo, osati mwanayo.